Ndalama za kafukufuku wa zanyengo ndi chilengedwe: konzekani chilengezo chisanatuluke

Chilengezo cha ndalama za kafukufuku chikatuluka, nthawi zambiri chimakupatsani miyezi iwiri kapena itatu. M'miyezi imeneyo mupeze anzanu a m'mayiko ena, mugwirizane nawo funso, mulembe proposal, mupange bajeti, akuluakulu a bungwe lanu asayine. Munthu amene akuyamba zonsezi tsiku limene chilengezo chamupeza pa WhatsApp wachedwa kale. Chimene chimachitika n'chakuti pulofesa wina wa kunja, amene akusowa dzina la bungwe la mu Africa kuti fomu yake ikwane, amamulembera imelo kutatsala sabata imodzi. Iye amavomera mokondwa, ndalama zikabwera n'kupeza kuti ntchito yake ndi yoperekeza alendo ndi kuwatolera mayankho m'midzi.

Malangizowa ndi a aphunzitsi a ku Mzuni ndi ku University of Livingstonia (UNILIA), ofufuza a ku malo a kafukufuku wa zaulimi a Lunyangwa, ndi ogwira ntchito m'mabungwe a zachilengedwe kuno kumpoto amene akufuna kulowa m'mgwirizano wa mayiko angapo ali eni ake a ntchitoyo.

Choyamba, funso

Yambani ndi funso, ndipo lichokere kuno. Titenge chitsanzo cha madzi. Madzi ambiri a mumzinda wa Mzuzu amachokera ku damu la Lunyangwa, ndipo damuli limadalira nkhalango ya Kaning'ina. Mzindawu, umene pa kalembera wa 2018 unali ndi anthu oposa 220,000, ukukula molowera m'zitunda ndi m'madambo, ndipo amene analipo mu Epulo 2016 akukumbukira mmene mvula inagwetsera nyumba. Vutoli ndi lenileni, koma komiti yokhala ku Brussels kapena ku Ottawa siipereka ndalama chifukwa chongomva kuti Mzuzu ili pamavuto. Imafuna yankho limene lingathandizenso kwina. Ndiye likulitseni funsolo: kodi mizinda ya kumapiri imene ikukula mofulumira, yomwe madzi ake amachokera m'nkhalango yoyandikana nayo, ingateteze bwanji madziwo pamene kagwedwe ka mvula kakusintha? Wofufuza wa ku Mbeya, ku Tanzania, akaliwerenga funso lotere angaone kuti ndi lakenso, koma malo oyesera oyamba ndi anu.

N'chimodzimodzi ndi nyanja. Usipa wa ku Nkhata Bay uli m'madzi amene akhudza Malawi, Tanzania ndi Mozambique, ndipo kukwera kwa madzi kwa mu 2024, kumene kunamiza nyumba ndi malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja, ndi nkhani imene dziko limodzi silingaifufuze lokha. Nkhalango za miombo, za mitengo ya tsamba ndi mombo imene ikuthera m'makala, zafika ku Zambia, Tanzania, Mozambique mpaka Angola. Kumpoto kuno mafunso a mayiko angapo sitisowa.

Funso likapezeka, lipatseni umboni pang'ono musanauze aliyense. Izi sizilira ndalama. Zithunzi za masetilaiti a Landsat ndi Sentinel-2 ndi zaulere, Global Forest Watch imaonetsa kumene mitengo yatha chaka ndi chaka, ndipo nkhokwe ya pa intaneti ya CHIRPS ili ndi manambala a mvula kuyambira 1981. Manambala oyezedwa pansi pano funsani ku Department of Climate Change and Meteorological Services. Mapu awiri a Kaning'ina a zaka zotalikirana, oikidwa pamodzi patsamba limodzi, amagwira mtima kuposa ndime zisanu zofotokoza kuti kusintha kwa nyengo ndi vuto lalikulu. Zimenezo owerenga proposal anatopa nazo. Pitaninso ku laibulale mukafunse za Research4Life, imene imalola mabungwe a ku Malawi kuwerenga ulere magazini ambiri a sayansi, kuti mudziwe amene anafufuzapo kale nkhani yanu.

Tsopano lembani tsamba limodzi lokha: funso, chifukwa chake likufunika panopa, zimene muli nazo kale, ndi zimene mukusowa. Pa zimene muli nazo musadzichepetse. Ophunzira amene angapite kumunda, ubale ndi mafumu, manambala a zaka zambiri amene ali m'mafayilo a dipatimenti, kudziwa Chitumbuka ndi Chitonga, zonsezi mnzanu wa kunja alibe. Chiganizo chimodzi chosonyeza mmene funsolo likugwirizanira ndi masomphenya a Malawi 2063 kapena ndondomeko ya dziko ya za kusintha kwa nyengo ya 2016 n'chokwanira.

Chachiwiri, mapepala

Gawo ili ndi losasangalatsa, koma ma proposal abwino ambiri amafera pomwepa. Pezani nambala ya ORCID, imene imazindikiritsa wofufuza ndi zimene anasindikiza. Ndi yaulere ndipo simutaya theka la ola. Konzani CV ya masamba awiri, yoonetsa zimene munasindikiza, ophunzira amene munawayang'anira, ndi ndalama zilizonse zimene munayendetsapo, ngakhale zochepa.

Kenako pitani nokha, osati pafoni, kwa mkulu woona za kafukufuku ndi kwa akauntanti wa bungwe lanu. Afunseni ngati bungweli lili ndi malipoti a odita a zaka zaposachedwa, akaunti ya ndalama zakunja, ndi malamulo olembedwa okhudza katangale, kagulidwe ka katundu ndi kuteteza anthu ku nkhanza. Opereka ndalama amafunsa zimenezi asanatumize ngakhale tambala. Funsaninso ngati bungwe lanu linalembetsa kale pa Funding & Tenders Portal ya European Union n'kulandira nambala yotchedwa PIC, chifukwa popanda nambalayo simungalowe m'proposal ya Horizon Europe, pulogalamu yawo ya ndalama za kafukufuku. Pali muyezo wina wotchedwa Good Financial Grant Practice, umene unapangidwa kuno ku Africa, umene opereka ndalama ena amagwiritsa ntchito poona ngati bungwe lingasunge bwino ndalama. Funso lomaliza, limene ndi lofunika kuposa onse: amene amasayina m'malo mwa bungwe ndani, ndipo amafuna masiku angati? Lembani yankholo penapake.

Akauntantiyo mumufuna kwa zaka zitatu kapena zinayi zikubwerazi. Muuzeni za pulojekiti idakali maganizo chabe.

Chachitatu, anzanu

Ambiri amathamangira ku Ulaya ndi ku America. Ine ndingati yambani ndi oyandikana nafe: Sokoine University of Agriculture ku Morogoro, Copperbelt University ku Kitwe, Universidade Eduardo Mondlane ku Maputo, komanso TAFIRI, bungwe lofufuza za nsomba la ku Tanzania. Mabungwe atatu a kuno akagwirizana funso limodzi n'kupita limodzi kwa mnzawo wa ku Ulaya, zokambirana za bajeti zimayenda mosiyana ndi pamene aliyense waitanidwa payekha.

Mnzanu wa kunja musankheni poona zimene analemba. Yang'anani mayina a olemba pa mapepala ake a kafukufuku amene anachitira mu Africa. Ngati ofufuza a m'dzikomo amangopezeka pa ndime yothokoza, mwadziwa kale kumene dzina lanu lidzakhale. Ngati n'kotheka, funsani mwakachetechete munthu amene anagwirapo naye ntchito ngati ndalama zinkabwera pa nthawi yake.

Imelo yoyamba ikhale yaifupi. Tchulani pepala lake limene mwawerenga, nenani funso lanu m'ziganizo ziwiri, nenani chimene muli nacho chimene iye alibe, phatikizani tsamba lija ndi mapu aja, mupemphe mphindi makumi awiri pa Zoom. Imelo yongoti mukufuna kugwirizana naye pa za kusintha kwa nyengo siyankhidwa, ndipo sitingamudzudzule. Akakhala chete sabata ziwiri, kumbutsani kamodzi, kenako pitani kwa wina.

Musaiwale anthu amene si asayansi. Pa funso la Lunyangwa, ndi a Northern Region Water Board, khonsolo ya mzinda, a zankhalango, ndi makomiti a m'midzi oyang'anira zachilengedwe. Pa funso la nyanja, ndi a zansomba ndi ma Beach Village Committee. Opereka ndalama za mtundu uwu masiku ano amafuna kuona kuti anthu amenewa anathandiza kupanga funsolo. Kalata yopemphedwa dzulo n'kusayinidwa lero imaoneka yokha.

Chachinayi, kudziwa kumene kuli ndalama

Belmont Forum inakhazikitsidwa mu 2009, oyambitsa ake ali mabungwe a boma opereka ndalama za sayansi, NSF ya ku America ndi NERC ya ku Britain. Ndi mgwirizano wa mabungwe opereka ndalama za kafukufuku a m'mayiko osiyanasiyana, ndipo ntchito yake yeniyeni ndi kafukufuku wa kusintha kwa chilengedwe padziko lonse. Pulojekiti iliyonse imafunika ofufuza a m'mayiko osachepera atatu, komanso iphatikize asayansi ya zachilengedwe, akatswiri a za chikhalidwe cha anthu, ndi amene adzagwiritse ntchito zotsatira. Pamene ambiri amapunthwa ndi apa: Belmont ilibe thumba limodzi. Bungwe lililonse limalipira ofufuza amene malamulo ake akulola, kawirikawiri a m'dziko lake. Choncho musanatengeke ndi mutu wa chilengezo, tsegulani mapepala ofotokoza malamulo a bungwe lililonse, muone ngati lilipo limene lingalipire munthu wokhala ku Malawi. Ngati palibe, mungalowe ndi ndalama zanu, kapena kudzera mwa mnzanu ngati malamulo a kwawo amamulola kutumiza gawo la ndalama kunja. Funsani zimenezi pa kukumana koyamba.

Horizon Europe, pulogalamu ya European Union ya zaka za 2021 mpaka 2027, inayamba ndi ndalama pafupifupi mayuro 95 biliyoni, ndipo Malawi ili m'gulu la mayiko amene mabungwe ake angalandire ndalamazo mwachindunji. Koma kawirikawiri mabungwe atatu oyambira amayenera kukhala a m'mayiko atatu a EU kapena ogwirizana ndi pulogalamuyi, inu n'kubwera pamwamba pa amenewo. Mpikisano wake ndi woopsa ndipo mafomu ake ndi aatali, ndiye lowani ndi mtsogoleri amene anapambanapo kale.

IDRC, bungwe la ku Canada lopereka ndalama za kafukufuku, pamodzi ndi boma la Britain, ili ndi pulogalamu ya CLARE ya kafukufuku wothandiza anthu kupirira kusintha kwa nyengo, ndipo imalimbikitsa kuti mabungwe a mu Africa azitsogolera. NORHED ya ku Norway imamangiriza mayunivesite a kwawo ndi a kuno, ndipo ndi yabwino kwa amene akufuna maphunziro a masters ndi PhD a antchito awo. Kwathu konkuno, National Commission for Science and Technology (NCST) ili nawo mu Science Granting Councils Initiative, imene nthawi zina imatulutsa zilengezo zogwirizanitsa ofufuza a Malawi ndi a mayiko oyandikana nafe. Muzitsegula tsamba la NCST kawirikawiri.

Ngati simunayendetsepo ndalama zilizonse, yambani ndi zazing'ono monga za TWAS (bungwe lolimbikitsa sayansi m'mayiko amene akutukuka), RUFORUM (mgwirizano wa mayunivesite a mu Africa pa zaulimi) kapena Rufford Foundation. Lipoti la ndalama lotsekedwa bwino la pulojekiti yaing'ono ndi limene limakulowetsani m'yaikulu. Green Climate Fund musatayire nthawi ngati ndinu mphunzitsi wofuna ndalama za kafukufuku. Ndalama zake zimadutsa m'boma ndi m'mabungwe ovomerezeka, ndipo ndi za ntchito zachitukuko.

Dziwaninso kuti ndalama zolonjezedwa zimatha kuduka pakati panjira. Mu 2021 boma la Britain litachepetsa thandizo lake kumayiko ena, mapulojekiti ambiri a Global Challenges Research Fund anadulidwa ndalama ntchito ili mkati. Mu 2025 ntchito za USAID zinaimitsidwa mwadzidzidzi. N'chifukwa chake funso lanu lizikhala ndi zitseko ziwiri kapena zitatu zogogodapo.

Chachisanu, bajeti

Apa khalanipo pansi, chifukwa mphamvu zanu m'pulojekiti zimaonekera pa bajeti. Musalole kuti mnzanu akuuzeni kuti gawo lanu ndi lakutilakuti, inu n'kumayesa kukwanitsamo ntchito. Lembani kaye ntchito imene mudzagwire, muiwerengere mtengo, kenako mukambirane.

Werengerani ndi msewu weniweni. Kuchoka ku Mzuzu kupita ku Nkhata Bay ndi makilomita pafupifupi 50, koma kukafika ku madoko a kumpoto monga Usisya ndi nkhani ina, makamaka m'dzinja, pamene mungafunike boti. Karonga ndi makilomita oposa 200 kudzera pa Chiweta. Ikani mafuta, kubwereka galimoto, alawansi ya dalaivala ndi ya othandizira kufunsa mafunso, kumasulira mafomu m'Chitumbuka, Chitonga kapena Chinkhonde, ndi ndalama ya misonkhano ndi mafumu. Ulendo uliwonse wa kunja umayamba ndi makilomita oposa 350 opita ku Lilongwe, nthawi zina kawiri, kamodzi pa za visa ndi kamodzi kukakwera ndege, kuphatikizapo kugona. Wolemba bajeti ali ku Bergen, ku Norway, sangadziwe zimenezi ngati simumuuza. Ikaninso intaneti, sola kapena invata ya labu chifukwa magetsi amathima, ndi msonkho ndi mayendedwe a zipangizo zochokera kunja. Za msonkho funsani ku MRA musanalembe nambala.

Nthawi yanu nayo ili ndi mtengo. Ngati malamulo akulola, ikani gawo la malipiro anu ndi la munthu woyang'anira mapepala a pulojekiti. Mphunzitsi amene ali ndi makalasi odzaza sangamalembenso yekha malisiti usiku. Ndalama ya overhead, imene imapita ku bungwe lanu kulipirira maofesi, magetsi ndi akauntanti, musaichotse pofuna kuoneka otchipa. Horizon Europe imapereka 25 peresenti pa zimenezi. Opereka ena ali ndi malire awo, ndipo amalemba m'chilengezo. Ndipo menyerani ophunzira. Pulojekiti ikatha, chimene chimatsala ku yunivesite yanu ndi anthu amene anapezerapo masters kapena PhD, ndi zipangizo ngati munalemba kuti zidzatsala.

Kenako kwacha. Mu Meyi 2022 inagwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 inagwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 usiku umodzi. Amene anasayina mgwirizano wa makwacha, kapena anasinthiratu ndalama za chaka chonse, anapeza kuti sangathenso kugula chipangizo chimene anachiwerengera. Lembani bajeti ndi mgwirizano m'ndalama ya opereka, sungani ndalamazo mu akaunti ya ndalama zakunja monga malamulo a banki akulolera, muzisintha zimene mukufuna pa nthawiyo. Mitengo ya chaka chachiwiri ndi chachitatu ikhale yokwererapo kuposa ya chaka choyamba.

Funsaninso mmene ndalama zidzabwerere. Opereka ena amafuna muyambe mwagwiritsa ntchito zanu, iwo n'kudzabweza pambuyo. Mabungwe ambiri a kuno sangakwanitse zimenezo, ndipo nyengo ya mvula siidikira kuti lipoti livomerezedwe. Pemphani kuti gawo loyamba libwere ntchito isanayambe, ndipo zilembedwe.

Chachisanu n'chimodzi, kugwirizana zinthu zovuta mukadali pachikondi

Proposal isanatumizidwe, gwirizanani molemba, ngakhale pa imelo, zinthu izi: gawo la ntchito limene inu mukutsogolera, kumene data idzasungidwe ndi amene angaigwiritse ntchito, mmene mayina a olemba adzasanjidwire, ndi chimene chidzachitike ndalama zikachepetsedwa. Anthu amachita manyazi kufunsa, poopa kuoneka ovuta. Mnzanu wabwino sadabwa nazo. Ngati mukufuna poyambira, TRUST Code ya 2018, imene European Union inaitenga kukhala chimodzi cha zikalata zotsogolera mapulojekiti ake, imanena momveka kuti ofufuza a m'dziko limene kafukufuku akuchitikira azikhalapo kuyambira pa kukonza mpaka pa kusindikiza. Mungaitchule popanda kukangana ndi munthu.

Pa data ndikanakonda muumirire chinthu chimodzi: kope yathunthu izikhala kuno, pa kompyuta ya bungwe lanu, kuyambira tsiku loyamba.

Chachisanu n'chiwiri, zilolezo

Kafukufuku wokhudza anthu amafuna chilolezo cha komiti yoona kuti ufulu wawo sukuphwanyidwa, monga MZUNIREC ya ku Mzuni kapena makomiti a pansi pa NCST. Pali malipiro ake, ndiye funsani kuchuluka kwake bajeti isanatsekedwe. Kulowa mu Kaning'ina kapena ku Chikangawa kumafuna a zankhalango. Ku Nyika ndi ku Vwaza, a zamapaki ndi nyama zakutchire. Ngati masampulo a zomera, nsomba kapena tizilombo adzatuluka m'dziko, Malawi inavomereza Nagoya Protocol, imene inayamba kugwira ntchito mu 2014, choncho pafunika chilolezo kudzera ku Environmental Affairs Department ndi mgwirizano wolembedwa wa mmene masampulowo adzagwiritsidwire ntchito. Zimenezi zimatenga miyezi. Pa ndondomeko ya ntchito musaike ulendo wa kumunda m'mwezi woyamba. Ndipo musanafike pamudzi ndi mafomu, dzerani kwa DC, kwa a T/A ndi kwa a gulupu. Mumzinda, kwa khansala ndi ma block leader.

Chomaliza, kutumiza ndi zotsatira zake

Werengani chilengezo kawiri, kachiwiriko muli ndi cholembera, mukudula mzere pansi pa mawu alionse onena za oyenera kupempha, malire a masamba ndi mmene adzaperekere malikisi. Mitu ya proposal yanu itsate mitu ya malikisiwo, kuti woyesa asavutike kufufuza. Mupatse munthu amene si wa nthambi yanu awerenge tsamba loyamba. Akalephera kukuuzani funso lanu m'mawu ake, lembaninso.

Onetsetsani nthawi yotsekera. Ma proposal a Horizon Europe amatseka 5 koloko madzulo nthawi ya ku Brussels, imene imafanana ndi yathu kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala, koma m'miyezi inayo ndi 6 koloko kuno. Dziikireni tsiku lanu lotseka, masiku atatu lenileni lisanafike, chifukwa netiweki ndi magetsi zimakonda kuvuta tsiku lomwelo, ndipo kompyuta yolandira ma proposal simva madandaulo.

Mukapambana, walira mvula walira matope: lisiti lililonse, ngakhale la kabaza, lisungidwe ndi kujambulidwa, mafomu a maola amene mwagwira adzazidwe mwezi ndi mwezi, ndipo malipoti apite pa nthawi yake. Odita amatha kubwera patapita zaka pulojekiti itatha. Ndalama ya mzere umodzi wa bajeti musaisamutsire ku wina musanapemphe molemba. Ikani pa ndondomeko, ndi ndalama yake, ulendo wobwerera kwa asodzi kapena makomiti aja kukawauza zimene mwapeza m'chilankhulo chawo, chifukwa pulojekiti yotsatira mudzadzera kwa anthu omwewo.

Mukakanidwa, ndipo ma proposal ambiri amakanidwa, pemphani ndemanga za oyesa ngati sanatumize. Ziwerengeni limodzi ndi anzanu onse pa Zoom pasanathe mwezi, musiyanitse zimene zikukhudza funso ndi zimene zikukhudza kalembedwe, mugawane zokonza, ndipo musanatseke msonkhanowo gwirizanani bungwe lotsatira limene mutumizeko ndi munthu amene azilondola chilengezo chake.